Kathirakitala Kopanda Zopondera

Wogula zitsulo zakale atangotsika m'galimoto yake, anadziwiratu kuti wafika pakhomo pa mkazi wamasiye. Ntchito yakeyi inali itamuphunzitsa kuwerenga makomo. Mwamuna amene anamuitana uja anavala jombo zomukulira, zongoti khwefu khwefu poyenda, zoonekeratu kuti sanagule ndi iye. M'shedi munagwada mayi wachitsikana atavala ovolosi yachimuna yopindapinda m'miyendo, mwana ali kumsana. Pakhoma panatsala misomali yokhayokha, zokolekapo zitapita.

"Ndi kameneka," anatero wajombo uja, akuloza kathirakitala ndi mlomo. "Achimwene anakatenga kwa bambo athu kali dzimbiri lokhalokha, ati akadzutsa. Ngozi ya lole inawapeza asanamalize. Banja lagwirizana kuti kachoke. Munda ndizilima ndine, ndipo muno ndizisungamo mbewu."

"Banja lake liti, alamu?" anafunsa mayiyo osatukula mutu. "Ine palibe anandiitana."

"Zinali za amuna."

"Ndiye kagulitseni amunawo. Aka mukasiye."

Wazitsulo anazungulira kathirakitalako pang'onopang'ono. Kanali kakang'ono, kolekeza m'chiuno, kolimira dimba, kakale kuposa mayi amene ankakamanga mabawuti. Zoterezi anali atasiya kuziona. Penti yofiira anaipaka ndi bulashi ya nyumba, mizere ikuonekera. Matayala anali zigamba zokhazokha, koma mpweya unalimo. Mpando anaukuta ndi chikopa cha sutikesi yakale. Wazitsuloyo anagwira paipi ya mafuta, yosadontha. Anasuzumira m'injini, moyera ngati mbale ya alendo. Mtima unamupweteka pang'ono poganiza kuti zonsezi akaziika pasikelo.

Kenako anayang'ana pansi pa chiwongolero, n'kupukusa mutu. Zopondera panalibe. Cha kilatchi ndi cha buleki zonse anazidula ndi sowo, mabala ake n'kuwapaka penti bwinobwino. M'malo mwake anaimika ndodo ziwiri zachitsulo pambali pa chiwongolero, zovekedwa mphira wa mahandulo a njinga, zolumikizidwa ndi mawaya a njinga yamoto. Chisoni chimatero, anaganiza. Anaonapo wina akusita malaya a malemu Loweruka lililonse. Uyu wakonza zonse mwaluso, n'kudzaononga penipeni pogwirira ntchito.

"Mwaona nokha," anatero mlamu uja. "Miyezi yonseyi akangosokonezeka, amathamangira m'nyumba chitsulo chili m'manja. Akalirako, uyo wabwera kudzapitiriza misala yake."

"Munandionapo ndikulira, alamu, kapena mumamva kwa akazi anu?"

Wazitsulo anavula chipewa. "Mayi, pepani ndi zimene zinakugwerani. Ntchito mwaigwira, sindinama. Koma kopanda zopondera palibe angakatenge ngati thirakitala. Ine ndimagula kulemera kwake basi."

Apa m'pamene mayiyo anaimirira. Anali wamfupi, sipanala idakali m'dzanja lake. Maso ake sankakhazikika: pageti, pagalimoto, pakhomo la nyumba, kenako dzanja kumsana kukhudza kaphazi ka mwana. Koma mawu okha anatuluka osagwedezeka.

"Bambo, wakuuzani ndani kuti n'kogulitsa? Jombo anatenga, ndinangoyang'ana. Njinga anatenga, ndinangoyang'ana. Ngakhale makwerero anapita, ati muno mulibenso wokwera. Koma apa pokha mudzayamba mwandikweza ine pasikelopo."

"Alamu, vomerezani," anatero wajomboyo motopa. "Mwini wake sadzakhalanso pampando umenewo. Za achimwene zinathera pamsewu paja."

Mayiyo anaika sipanala pansi. Anatsegula mafuta, anakulunga chingwe pa injini, anaponda tayala, n'kukoka. Kathirakitala kanangotsokomola. Anakokanso, kanati phu, n'kukhala chete.

"Mukudzutsa mtembo," anaseka mlamu.

Mayiyo anapukuta thukuta ndi mkono, anakhwimitsa nsalu ya mwana, analuma mlomo. Anakoka ndi thupi lonse mpaka kudzandira chambuyo. Injini inabuula, inazengereza, kenako inagwira: thu, thu, thu, thu! Utsi unadzaza shedi yonse. Nkhuku zinabalalika, mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Wazitsulo anapezeka akumwetulira ngati kuti wakonza ndi iye.

"Kalira, inde!" anakuwa mlamu kuti amveke. "Nanga ayendetse ndani? Inuyo? Mukagwera m'ngalande ndi mwanayo!"

"Ine ndi chiwongolero sitidziwana," anatero mayiyo.

Anamasula mwana n'kumuika m'manja mwa wazitsulo asanakane. "Tandigwirirani, bambo. Mumuchirikize khosi." Anatola nsalu ija n'kulowa m'nyumba mothamanga.

"Si izo, wapita kukalira," anatero mlamu. "Tengani zingwe tikakweze asanatuluke."

Wazitsulo sanasunthe. Manja ake anali odzaza, ndipo kamwanako kanali katamugwira kolala.

Chitseko chinatseguka. Mayi uja anatuluka atawerama, atabereka mwamuna wamapewa aakulu, miyendo ya buluku lake itapindidwa m'mawondo n'kumangidwa ndi mapini. Atamukhazika pampando, mwamunayo anagwira ndodo ziwiri zija, n'kutembenukira kwa mng'ono wake.

"Iwe, tatsegula getilo. Ndachedwa kumunda."