Dzina la Kholo pa Tikiti

Tikiti ya mwana wake inatuluka ndi dzina la munthu wina.

Mkulu wa makompyuta pakolejipo anaiyang'anitsitsa, kenaka anaimitsa makina osindikizira. Tsamba la pa intanetilo analikonza yekha. Wophunzira aliyense amalemba dzina lake ndi la kholo limodzi lodzakhala pampando wakutsogolo tsiku lolandira madigiri. Akadina batani, seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, imanyamula mayinawo n'kumutumiza patsamba lachiwiri, pomwe tikiti imatuluka. Penapake pakati pa masamba awiriwa dzina la mkuluyo linagwa, la mlendo n'kulowa.

Zoterezi zinachitikapo chaka chatha, seva itasokoneza zosungira munthu uyu ndi za uja. Ndiye sanadabwe. Chinamuwawa n'chakuti zagwera tikiti imeneyi. Mkazi wake anamwalira chaka chomwechi asanaone mwanayo atavala gauni ya madigiri.

Anayamba kutsata mzere ndi mzere. Dzina la kholo linkayenda pa keyala ya tsamba, pomwe aliyense akhoza kulisintha. Analichotsapo kuti lizisungidwa pa seva. Anayesa ndi mayina abodza, onse anafika bwinobwino. Tiyi anazizira patebulo. Mnzake wa mu ofesi anamuseka kuti mpando umodzi womwewo umudwalitsa.

"Ndinalonjeza amayi ake kuti ndikakhalapo m'malo mwa tonse awiri," anayankha osatembenuka.

Mnzakeyo anasiya kuseka.

Nzeru zitamuthera, anaimbira mwanayo kuti abwere adzalembenso iye akuona, mwina angagwire pomwe zikusokonekera. Mtsikanayo anafika n'kuima pakhomo, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Lowa, mwanawe, khala apa. Makinawa akufuna kundilanda mpando." Anayesa kuseka. "Lemba monga unalembera tsiku lija, usasinthe kanthu."

Mtsikanayo anakhala pampando wa bambo ake. Analemba dzina lake. Pamalo a kholo anaima kaye, kenaka analemba dzina lachilendo lomwe lija, chilembo ndi chilembo, osalakwitsa.

"Tsamba lanu lilibe vuto, adadi," anatero maso ali pansi. "Ndi dzina la bambo ondibereka. Amayi anandiuza ali m'chipatala. Anati inuyo mumadziwa."

Iye sankadziwa.