Bambo Ake a Faifi

Akochi anafika pa shedi ya wowotcherera zitsulo, bambo ake a Faifi, mtima uli m'mwamba, wezulo ikadali m'khosi. Sabata yonse Faifi sanaoneke kubwalo, chonsecho Loweruka ligi ya atsikana inali kuyamba. Faifi ndiye anali khoma la timu, msungwana wamtali amene dzina lake lenileni linamezedwa kalekale ndi nambala ya pamsana. Anzake atafunsidwa anangoti bambo ake alamula kuti asabwerenso.

Matenda amenewa Akochi ankawadziwa bwino. Mayi amenewa ndiwo anayambitsa timuyi, ali ndi atsikana osakwana ngakhale mbali imodzi, mpira wobwereka, ndi bwalo lomwe amuna ankawasiyira dzuwa likafika paliwombo. Odutsa ankaima n'kumagwa ndi phwete. Lero timu inali ndi magulu atatu, la tiana, la atsikana ndi la amayi, ndipo oseka aja ankabwera ndi mipando yawo kudzachemerera. Koma pa ulendo wonsewu mdani wamkulu sanali timu ina ayi. Anali azibambo. Uyu ati mwana wanga sadzabereka, uyo ati adzauma miyendo, winayo ati nanga mbale atsuka ndani. Onsewo Akochi anawagwetsa ndi pakamwa pokha, moti ulaliki wawo unachita kukhala pamtima ngati pemphero.

Bamboyo anali atawerama pa mapaipi aatali, moto ukuthetheka. Ataona mlendo anavula chigoba cha kumaso, napukuta benchi ndi chipewa chake. Ulemu wa anthu ouma mutu, anatero Akochi chamumtima. Faifi anali pakona akupala dzimbiri, maso ali pansi, osayerekeza ngakhale kupereka moni. Akochi anamumvera chisoni mwanayo, ndipo chisonicho sichinachedwe kusanduka ukali.

Anauyamba ulaliki uja. Anamukumbutsa bamboyo kuti dziko linasintha. Anatchula namwino, mphunzitsi ndi wapolisi amene anadutsa m'manja mwawo, onse ali pabanja, onse ndi ana onenepa bwino. Bamboyo atati atsegule pakamwa, Akochi anakweza dzanja. Ankadziwa kuti bambo ukangomupatsa mpata, amayamba za makolo. Anafotokoza za masiku osewera opanda nsapato, za bwalo lawolawo lomwe anazula okha zitsa, za zikho zomwe tsopano zikusowa poika. Bamboyo atatinso ayankhe, dzanja lija linakweranso. Wokonza njinga wa shedi yoyandikana anasiya tayala lili m'mwamba n'kubwera kudzamvera nawo.

Komatu mantha a Akochi anali enieni. Loweruka ankakumana ndi timu yatsopano ya kuseri kwa msika, kamwana kobadwa dzulodzuloli koma kamwano. Popanda Faifi kumbuyo, mkhalakale wa mpira wa atsikana m'tauni yonse akanachititsidwa manyazi pabwalo pake pomwe.

"Bambo, mwana wamkazi nayenso ali ndi miyendo. Musakwirire mphatso yake. Mulekeni asewere."

Bamboyo anakanda m'mutu, nayang'ana mwana wake, kenako pansi. Akochi anachidziwa chizindikirocho. Onse amayamba ndi kukanda m'mutu.

"Mayi, mwalankhula zakupsa, ndipo ine ndimakupatsani ulemu. Pakadapanda inu, enafe sitikadadziwa n'komwe kuti ana athuwa amautha mpira. Loweruka asewera ndithu."

Akochi anapuma mpweya waukulu, naimirira akumwetulira. Anali atatambasula kale dzanja kuti athokoze.

"Kungoti asewerera a kuseri kwa msika. Inu zaka zonsezi mwamuunjika kumbuyo, chonsecho mwanayu ndi wogoletsa, ndimamusula ndekha m'mawa uliwonse. Wapagolo wanu mukamuuze adye zokwanira."