Mabasi Sakuyenda Lero

"Amayi, mabasi sakuyenda lero. Ndaima pasiteji ya padoko pano ola lathunthu."

Wophika wa m'sitima ya alendoyo anayankhula atatchinga foni ndi dzanja, kuti phokoso la anzake m'bala lisamveke. Sitima yawo inakocheza kwa maola asanu okha, ndipo atatha miyezi isanu ndi inayi panyanja, anali atalonjeza kukwera basi nambala 14 kukawaona amayi akewo.

"Palibe kanthu, mwanawe," iwo anatero. "Udzabwera ulendo wina."

Wophikayo anadula foni n'kuitanitsa botolo lina.

Pobwerera kusitima, mlonda wa pageti anamuimitsa n'kumupatsa jumbo. Munali juzi yoluka pamanja.

"Asiya ndi mayi ena oyenda ndi ndodo. Akhala pasitejipo kuyambira m'mawa, ati amafuna mupitire limodzi kunyumba."

"Anabwera bwanji?"

"Pa 14. Imadutsa pano mphindi khumi zilizonse." Mlondayo analoza benchi yopanda munthu. "Atalandira foni anati ndisakuvutitseni, mabasi sakuyenda lero. Kenako anakwera yotsatira."