Bokosi la Ukwati la Marlene

Panali munthu wina kuno kwathu ku Kutztown, dzina lake Elwood Dreibelbis. Nkhaniyi ndi yoona, amene anaiona ndi maso akadali moyo.

Kwathu kuno mtsikana akamakwatiwa amapatsidwa bokosi lamatabwa lojambulidwa maluwa ndi mbalame, loikamo zofunda, lomwe limachoka kwa mayi kupita kwa mwana. Amayi ake a Elwood pomwalira anasiya lawo m'manja mwake kuti asungire mwana wake Marlene, poti mlongo wake wamkulu, Verna, analibe mwana. Verna anamulangiza kuti azilipukuta ndi kansalu kouma basi, ndipo lisadzatuluke m'nyumba. Elwood anangoti wamva, koma anali wa khutu lolowera uku n'kutulukira uku.

Ukwati utayandikira, Elwood anakumana ndi bambo wina pamsika wa zinthu zakale. Ankadzitcha Royce, waulemu, wa pakamwa pozuna. Atamva za bokosilo anapempha kukaliona. Anafika, n'kugwada, n'kulinunkhiza m'kati, n'kusisita kunsi kwake nthawi yaitali.

"Bwana, ichi ndi chinthu chenicheni," anatero. "Koma mungalipereke kwa mwana ndi litsiro lotere pamaso pa asewere anu? Ndipatseni ndikalitsuke."

Mawu amenewo anamulasa Elwood, chifukwa kuchimuna kunali kopeza bwino ndipo iye ankaopa kunyozeka. Anavomera osauza Verna. Anaonetsanso Royce timabowo tina m'mphepete mwa chivindikiro, n'kumuuza kuti atifafanize. Royce anamwetulira, n'kukweza bokosi m'galimoto.

Masabata anapita, bokosi osabwera. Elwood akaimba foni, Royce ankati penti sinaume. Kenako foniyo inasiya kuyankhidwa. Verna akabwera kudzacheza, Elwood ankamulandirira pakhonde kuti asaone malo opanda kanthu kuchipinda. Munthu anaonda ndi mantha. Marlene atafunsa, anamunamiza kuti walikweza kudenga kuopa fumbi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, bokosi linapezeka pakhonde, lophimbidwa ndi nsalu. Linali lonyezimira, maluwa omwewo, mbalame zomwezo. Elwood anapuma mpweya wamtendere, mpaka anadzitama mumtima kuti wachita zanzeru.

Masana azimayi achibale anasonkhana kuti aikemo zofunda monga mwa mwambo, apongozi ake a Marlene ali pomwepo. Onse anayamikira, kupatula Verna. Iye anayendetsa dzanja pa chivindikiro. Anatsegula, n'kununkhiza. Kenako anauza Elwood kuti alipendeketse.

Elwood analipendeketsa. Verna anasisita kunsi. La amayi linali ndi timizere tokwera ndi kutsika, poti linapalidwa ndi manja. Ili linali see, ngati tebulo la m'sitolo. M'makona, mano olumikizira matabwa anali ofanana onse, odulidwa ndi makina. M'kati munkanunkha matabwa a paini ongocheka kumene.

"Iwe Elwood, ili si bokosi la amayi."

"Achemwali, langotsukidwa. Musandichititse manyazi pa anthu."

"Ndiye mano a Harlan ali kuti?"

Harlan anali mng'ono wawo amene anamwalira ali wakhanda. Pomera mano ankaluma m'mphepete mwa chivindikirocho, ndipo timabowo tija tinali take. Chithunzi chake panalibe. Amayi awo ankagwira pamenepo m'mawa uliwonse mpaka tsiku lomwe anagona osadzukanso. Elwood anali wamng'ono pamene Harlan ankamwalira, ndipo sanafunsepo kuti amagwiranji.

"Ndinamuuza ndine kuti atichotse," anatero Elwood.

Verna anamuyang'ana misozi ili m'maso. "Sanachotse. Munthu uja amadziwa kuti zipsera ndi zimene zimaonetsa kuti chinthu ndi chakale. Wakupangira lina losalala monga unafunira, lathu wapita nalo. Wakuba waona ulemu wa mano aja kuposa iwe."

Elwood anathamangira komwe Royce anati amagwirira ntchito, koma anapeza chitseko chokhoma ndi fumbi lokhalokha. Dzina lakelo panalibe amene ankalidziwa. Apolisi atafunsa ngati bokosilo linabedwa m'nyumba, Elwood anavomera yekha kuti analinyamulira kugalimoto ndi manja ake.

Ukwati unachitika, koma Marlene sanalitenge bokosi lonyezimiralo. Anatulutsa zofunda zija chimodzichimodzi, n'kuzikumbatira pachifuwa mpaka kugalimoto ya mwamuna wake. Podutsa bambo ake pakhomo anangoti, "Adadi, limenelo sungani ndinu. Ndi lokongola."

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chomwe makolo akusiyirani musachipereke kwa mlendo chifukwa choopa maso a anthu, ndipo musanafafanize chipsera, yambani mwafunsa amene akudziwa kuti chinabwera bwanji. Musaisunge nkhaniyi, tumizirani m'bale wanu asanatsegulire Royce wake chitseko.