Mayi wa mapasa wa ku Khuyu

Panali munthu wina, mayi, dzina lake Tinenenji, mlangizi wa za mabanja amene anatumizidwa ku Likoma kuchokera kumtunda. Pomutumiza anati akakhala zaka ziwiri zokha. Pofika 2003 zinali zitakwana zisanu ndi zinayi, ndipo mayiyu anali atatoperatu. Anzake a kukoleji ankangosinthana masemina, ena kupita kunja kukawonjezera maphunziro, iye n'kumangomva fungo lokha. Kalata yoitanira anthu ikamatsika m'sitima, tsiku lotsekera linkakhala litadutsa kalekale.

Tsiku lina kalata inafika nthawi ikadalipo. Bungwe lina linkafuna alangizi oti akaphunzire kunja chaka chathunthu, koma aliyense ayambe watumiza kafukufuku wa mabanja a m'dera lake. Tinenenji sanavutike kufunafuna. Zaka zonsezo amayi ankabwera mmodzimmodzi kuseri kwa ofesi yake ku Chipyela, kukhala pamphasa n'kumukhuthulira zakukhosi. Nkhani zonse anali nazo m'mutu.

Imene inamukoka kwambiri inali ya Annette wa ku Khuyu. Annette anali ndi ana asanu ndi awiri, omaliza mapasa, ndipo pobereka mapasawo anatsala pang'ono kutisiya. Anamwino anamuchenjeza kuti asayerekezenso. Koma mwamuna wake Laban za kulera sankafuna n'kumva komwe. Choncho miyezi itatu iliyonse Annette ankasenza dengu la chinangwa ngati wa kumsika, n'kukhotera kuchipatala kukabayitsa jakisoni. Odziwa anali namwino ndi Tinenenji basi.

Atamaliza kulemba, Tinenenji anakumana ndi mayi Marian, mtsogoleri wa amayi a mpingo, n'kuwauza mokondwa kuti walemba nkhani za amayi a pachilumba.

"Amadamu, za pamphasa zimathera pamphasa," anatero mayi Marian. "Eni ake mwawapempha?"

"Mayina ndasintha, amama. Komanso n'zachingerezi, zikupita kutali."

"Chingerezi? Pa Likoma pano? Mwanawe, atate athu anaphunzira kwa amishoni, ukalaliki anaugwira dziko lonseli. Nkhalamba mukuiona ikusoka ukonde ija ikhoza kukukonzerani kalata yanu. Ndipo chilumbachi n'chaching'ono, munthu timamudziwa ndi kayendedwe."

Tinenenji anavomera ndi pakamwa pokha. Ayende wapansi mpaka ku Khuyu, dzuwa limenelo, kukapempha chilolezo chimene akudziwa kale kuti akamukaniza? Sitima inkanyamuka m'mawa mwake, ndipo ina ikanabwera nthawi itatha. Anamata envelopu n'kukaponya.

Anasankhidwa, ndipo anapita. Kumeneko kafukufuku wake anamuyamikira kwambiri, makamaka nkhani ya mayi wa mapasa, mpaka bungwe lija linamusindikiza m'kabuku n'kutumiza kamodzi ku ofesi ya ku Chipyela. Bwana wake, a Ellison, ananyadira. Anakaika patebulo pamene anthu amadikirira, kuti aliyense aone kuti Likoma nayo yatchuka.

Ndiye tsiku lina kunabwera a Basil, kalaliki wopuma ntchito, kudzasainitsa kalata. A Basil anali malume ake a Laban, komanso nkhoswe ya banja lake. Podikira anavala magalasi n'kutola kabuku kaja. Anawerenga za "Mayi B" wa ku Khuyu, wa ana asanu ndi awiri, omaliza mapasa, mwamuna wake wa mabwato awiri. Anawerenga za dengu la chinangwa. Ku Khuyu konse mayi wotere analipo mmodzi. Mkuluyo anapinda magalasi, za kalata n'kuiwala, nauyamba ulendo wa ku Khuyu.

Chaka chitatha Tinenenji anatsika m'sitima ndi dipuloma yake m'chikwama. Anthu ankamupatsa moni monga mwa mwambo, koma moni wake wouma. Anayala mphasa kuseri kwa ofesi, sabata n'kutha, yachiwiri n'kutha, osabwera ngakhale mayi mmodzi. Iye anangoti mwina atanganidwa ndi kumunda.

Sabata yachitatu kunabwera Annette, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja m'chiuno, mimba itaoneka kale. Annette anakana kukhala pansi.

"Ndamva kuti mwabwera ndi pepala, amadamu. Zikomo, mwapambana."

"Mayi a mapasa, chachitika n'chiyani?"

"Simukudziwa? A Basil anawerenga buku lanu pamaso pa ankhoswe, Chingerezi n'kumamasulira mzere ndi mzere. Ndinagwada, ndinapepesa. Kuyambira pamenepo kumsika amandiperekeza, jakisoni uja sindinabayitsenso."

Tinenenji anayamba kufotokoza za mayina osintha, za sitima, za zaka zisanu ndi zinayi zimene anadikira mwayi umodzi wokhawu. Mawu ake ankamunyansa iye mwini. Annette anamusiya alankhule mpaka atatha, osamudula, osakalipa. Anali wotopa kuposa Tinenenji.

"Sindinabwerere mlandu," anatero Annette. "Ndikuchokera kusikelo. Anamwino akuti ulendo uno mwina sindidzuka. Inu mwaphunzira za mabanja chaka chathunthu, ndiye ndilangizeni: ana asanu ndi awiri aja ndiwasiyire yani?"

Annette anadikira pang'ono, kenako anamanga bwino chitenje chake n'kupita pamsewu, pamene Laban ankamudikirira.

Phunziro: Chinsinsi chimene munthu wakusungitsa si makwerero ako. Maphunziro ndi abwino, ndipo kudikira mwayi kumatopetsa, koma usanalembe za m'nyumba ya mnzako pita ukamupemphe, akakana usiye. Iwe udzalandira satifiketi, iye ndi amene adzatsale ndi zotsatira zake. Mukawerenga musasunge nokha, patsirani alangizi, aphunzitsi, anamwino ndi onse ochita kafukufuku amene mukuwadziwa.