Envelopu ya a Dimaculangan

Holo ya koleji ya San Gervasio inakhuthula anthu cha m'ma 4 koloko masana, ndipo ambiri anathera m'kantini ya Aling Coring, kutsidya kwa msewu. Palibe anaitanitsa chakudya. Nthochi zokazinga zinkazizira m'thireyi, makina a fotokope ali duu pakona. Ophunzira anangodzaza mabenchi, utoto wobiriwira ukuyenderera m'masaya.

Anali atagonja ndi pointi imodzi, pakwawo, ndi timu yomwe inali isanapambaneko chaka chonse. Mpikisano wa basiketibolo kwa iwo unathera pomwepo. Koma chinkawawa kwenikweni n'china. Lachitatu, Bambo Ilagan, wansembe woyang'anira kolejiyo, analengeza kuti timu ikapambana Lamulungu, Lolemba kulibe sukulu ndipo mayeso onse asunthira sabata yotsatira. Mabuku anatsekedwa tsiku lomwelo.

"Kochi Abrenica apite akawete abakha," anatero Jepoy, woimba ng'oma wa ochemerera. "Ukutsogola ndi mapointi khumi ndi asanu, n'kutulutsa Obet kuti akapume. Apume chiyani? Amalima?"

"Obet wakoyo waphonya kawiri popanda womutchinga," anayankha Ningning, yemwe chala chake chinali chomangidwa atachimenyetsa pampando. "Agogo anga akanalowetsa, ng'ala ili m'maso onse awiri."

"Amene sakudya apereke malo," anatero Aling Coring. Palibe anasuntha.

Ndiye analowa a Dimaculangan, aphunzitsi a masamu, ndipo phokoso lonse linazima. Mayeso awo ndi amene ankayambirira mawa lake, hafu seveni m'mawa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pakolejipo, munthuyu anali asanapondeko mu holo ya masewera. Chaka china analepheretsa osewera anayi tsiku limodzi, n'kukadya bwinobwino. M'khwapa mwawo munali envelopu yakhaki yomwe aliyense ankaidziwa, ija ankabweretsa kwa Aling Coring Lachisanu lililonse la mayeso kuti awachitire fotokope. Ulendo uno Lachisanu linadutsa osaoneka. Mphuno yawo inali itasupuka ndi dzuwa, ndipo nkhwaira zawo zinasiya mchenga pasimenti yomwe Aling Coring anali atangosesa.

Anakhala pabenchi ngati thumba la mpunga.

"Manyazi," anatero. "Anthu tinawakhulupirira anyamata amenewa."

Ophunzira anayang'anizana.

"Munthu wamtali ngati mtengo wa kokonati, dengu lili pamphuno pake, n'kuphonya." Anamenya tebulo, mabotolo a viniga n'kugwedezeka. "Kawiri konse. Nanga goloboyi wathu anali kuti pamene enawo amagoletsa?"

Ningning anatsegula pakamwa kuti anene kuti masewerawa alibe goloboyi, koma Jepoy anamuponda phazi. Munthu wolira amalankhula chilichonse.

"Aphunzitsi, pepani," anatero Jepoy, mawu atafewa. "Sitinkadziwa kuti timuyi mumaikonda chonchi."

"Mwana wanga, ndamvera pa wailesi m'basi, kuyambira mphindi yoyamba mpaka yomaliza. Ndapemphera mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndikudwala." Anavula magalasi. M'maso mwawo munali monyowa ndithu.

Mtsikana wina kumbuyo anayamba kusisima. Wina anawagulira khofi. Jepoy anavula mpango wake wobiriwira n'kuwaveka m'khosi, ndipo a Dimaculangan, amene sankalola ngakhale moni wa m'manja, analola kuvekedwa. Envelopu yokha ndi yomwe sanaisiye. Anaipanikiza pachifuwa ndi manja awiri.

"Ndikufunseni, ana anga," anatero atamwa khofi. "Sukulu imene ili pa maliro chonchi ingalembe mayeso mawa? Mitu yake iti?"

Ngakhale Aling Coring anasiya kupukuta mbale. A Dimaculangan anapitiriza.

"Pitani kwa Bambo Ilagan pompano, asanalowe Misa yamadzulo. Mukawauze kuti Lolemba tinalonjezedwa kuti tisangalale, ndiye atipatse kuti tilire. Mukanene kuti ngakhale Dimaculangan wavomera. Mutenge ng'omayo."

Mabenchi anagwa. Ng'oma inalira koyamba chigonjereni. Ningning anaima pakhomo n'kucheuka.

"Zaka zitatu ndakhala ndikutemberera munthu wa Mulungu," anauza mnzake, ndipo anathamangira enawo.

M'kantini munatsala anthu awiri ndi nthochi zozizira. Aling Coring anaimika mabenchi, n'kusesa mchenga uja kachiwiri. Iwo ankawadziwa Bambo Ilagan kuyambira wansembeyo ali mnyamata wotumikira paguwa, ndipo anali asanawamvepo akubweza mawu. Pasanathe mphindi khumi ng'oma ija inaduka pakati, ngati wina wailanda.

"Akanizidwa awo," anatero, akuyatsa makina a fotokope. "Ndimatseka 6 koloko, aphunzitsi. Makope angati?"

"Zana limodzi ndi makumi awiri."

"Bweretsani."

A Dimaculangan sanatambasule dzanja. Aling Coring analibe nthawi yonyengerera munthu wamkulu. Anaisolola envelopu ija n'kuikhuthulira pagalasi la makina.

Munatuluka kamchenga ndi mapepala anayi. Loyamba linali ndi dzina la koleji, deti la mawa, ndi mawu akuti "Funso loyamba". Pansi pake panali poyera, ndipo atatu enawo anali oyera mbali zonse.

"Nyuzipepala zonse zinati tipambana, Aling Coring, ndiye ndinangopita kunyanja," ananong'ona a Dimaculangan, mpango wobiriwira uli m'khosi. "Muli ndi cholembera?"