Ampulifaya Yolira Mbali Imodzi

Mmisiri wa mawailesi anagwada kuseri kwa kabati ya TV n'kuyamba kutsata mawaya ndi chala. Mayi a mapasa anaima pakhomo la balaza atapinda manja. Chibadwire anali asanagulitsepo chinthu cha mwini, ndipo lero amayambira cha amuna awo.

Ampulifayayo inali ya bambo a mapasa, chibokosi chakuda cholemera ngati mwana woyamba kuyenda, cholumikizidwa ku masipika asanu omwazikana m'balazamo. Chiigulireni zaka zinayi zapitazo, m'nyumbamo munali ngati mwalowa mkazi wachiwiri. Bambowo akaweruka ku fakitale yocheka matabwa ankangosamba, n'kukhala pa sofa, voliyumu n'kukweza mpaka matambula kumanjenjemera m'kabati. Ukawayankhula, zii. Ubwereze, zii. Kachitatu ndiye atembenuke ndi nkhope yodabwa, amvekere "Mwati?" ngati wawadzutsa kutulo.

Mayiwo anapirira, poti amati banja ndi kupirira. Koma Lachiwiri lapitali mtima unawafika pakhosi. Anachokera kuchipatala, kumene adokotala anawapeza ndi kachotupa m'bere n'kuwauza kuti abwerenso akawayeze bwinobwino. Madzulo ake anakhala pafupi ndi amuna awo n'kunena nkhaniyo motsitsa mawu, kuopa kuti ana angamve. Ananena kuti akuchita mantha. Bambowo maso ali pa TV, anaseka chikhakhali, kuseka filimu. Munthu wanji ameneyu? Tsiku limenelo mayiwo analumbira kuti m'nyumbamo mutuluka mmodzi, kaya iwo kaya chibokosicho.

Kulumbira n'kosavuta. Tsopano wogula atafika, amuna awo ali kuntchito osadziwa kanthu, mayiwo ankadzimva ngati mbava. Bodza loti akanene madzulo anali atalikonza kale, loti ampulifaya yapsa ndipo aitaya, koma akaliyeserera mumtima linkawawa m'kamwa.

Ndipo panali tchimo lachiwiri. Chinthucho chinali ndi chilema: chinkalira mbali imodzi. Masipika akumanzere ankabangula, akumanja n'kumangonong'ona ngati odwala. Mayiwo ankadziwa bwino, poti ndiwo ankasesa m'menemo chikulira. Pokambirana ndi wogulayo pa foni sananene. Ndipo m'mawa, mochenjera, anakokera mpando wa mlendo pafupi ndi sipika yakumanja, kuti munthu akakhala pamenepo amve ngati zonse zikulira mofanana.

Mmisiriyo anali bambo wachikulire, wa magalasi omanga ndi ulusi, waulemu mpaka kukuchititsa manyazi. Anakhala pomwe anamulozera. Anamwa tiyi n'kuthokoza kawiri. Anayatsa nyimbo, n'kumvetsera atatsinzina, mutu ukugwedera pang'onopang'ono. Kenaka anafotokoza kuti ameneyu si katundu wa pa shopu ayi, akugulira mwana wake wamkazi amene wangolowa kumene m'banja, ndipo wasangalala kuti akugula kwa munthu wa pakhomo pake, osati kwa akathyali a mumsewu. Mtengo sanatsitse n'komwe.

Mayi a mapasa analakalaka nthaka itang'ambika. Bola akanakhala wamwano, wonenerera, wonyoza katundu. Koma munthu wokukhulupirira chonchi umamubera bwanji? Anamuyang'ana akukulunga mawaya mosamala, akupukuta fumbi pa chibokosicho ndi kampango kake. Atafika poti azule pulagi, mayiwo analephera kupirira.

"Bambo, dikirani kaye. Ndakunamizani," anatero. "Chinthuchi n'chowonongeka. Chimalira mbali imodzi. Mpandowo ndauika dala pamenepo kuti musazindikire. Pepani, ndachimwa."

Anadikira kuti akalipiridwe. Mmisiriyo anangomwetulira n'kunena kuti anazimva nyimbo itangoyamba, poti makutu ndiwo khasu lake. Anatola rimoti, n'kudinadina mpaka pa TV panatuluka timizere tisanu, kamzere kamodzi ka sipika iliyonse. Tiwiri takumanzere tinali titakwera mpaka kumapeto. Takumanja tinali pansi penipeni. Anadinanso kangapo, timizereto n'kufanana, ndipo nyimbo inadzaza balaza lonse bwinobwino, yokoma ngati mmene inkamvekera chibokosicho chili chatsopano.

Mayiwo anapumira m'mwamba. Tchimo limodzi linali litachoka, kunatsala la amuna awo lokha, ndipo limenelo anadziuza kuti alisenza, poti bambowo analiputa okha.

"Palibe chowonongeka apa, mayi. Munthu anachita kuichuna chonchi, ndipo anaichuna mwanzeru," anatero mmisiriyo uku akuika rimoti m'thumba. "Ndaziwonapo kambiri kwa anthu ogwira ntchito pa makina aphokoso. Amabisa, manyazi. Kodi bambo akunyumba kuno khutu lawo lakumanzere linasiya liti kumva?"

Mayi a mapasa anatembenuka n'kuyang'ana sofa ija. Pa sofa, patebulo, ngakhale pabedi, malo awo chikwatiwireni anali kumanzere kwa amuna awo.